Kugula ndi kusamutsa makina akale a matabwa

Ngati mumapala matabwa ndi landa ya pamanja, mukudziwa kale kuti nchitoyi ndi yowawa. Thabwa la mlombwa limadya nthawi, ndipo madzulo mapewa amakhala atauma. Makina angacite nchito yomweyo mwacangu. Koma makina atsopano ndi okwera mtengo kwambiri. N'cifukwa cake amisiri ambiri amagula makina akale, amene anagwirapo nchito m'fakitale kapena m'ofisina ya munthu wina.

Makina akale abwino angakutumikireni zaka zambiri. Ambiri anapangidwa ndi citsulo cokhuthala, cosatha msanga. Koma pali amisiri ena amene anagula makina, nawafikitsa pakhomo, ndipo mpaka lero makinawo ali pakhonde, nkhuku zikuikirapo mazira. Sanalire ngakhale tsiku limodzi. Ndalama za fodya kapena za mbatata za caka conse zinathera pamenepo. Nkhani ino ikuuzani zoyenera kuona musanalipire, ndi kanyamulidwe kake kuti makina ndi anthu afike bwino.

Maina a makinawa

Ogulitsa ambiri amachula makinawa m'Cipwitikizi, conco ndi bwino kudziwa maina ake. Serra circular ndi maceka ozungulira, oturukira pakati pa tebulo lacitsulo. Amang'amba thabwa m'litali ndi kulidula m'mbali. Serra de fita ndi maceka onga lamba, oyenda pa mawilo awiri. Amaceka zokhota, monga miyendo ya mipando. Garlopa imapala thabwa kuti nkhope imodzi iwongoke. Desengrossadeira imapala nkhope inayo kuti thabwa lonse likhale locindikala mofanana. Nthawi zambiri ziwirizi zimakhala m'makina amodzi. Tupia imasema maluwa ndi mizere m'mphepete mwa zitseko ndi mafelemu.

Ngati ndalama zikukwana makina amodzi okha, yambani ndi opalira, makamaka aja ophatikiza garlopa ndi desengrossadeira. Kupala ndiko kumatopetsa kwambiri, ndipo amisiri anzanu angabwere kudzapalitsa matabwa awo n'kumalipira. Tupia isiyeni kaye. Mwa makina onsewa, iyo ndiyo yoopsa kwambiri kwa munthu amene sanaphunzitsidwe.

Yambani ndi magetsi

Funso loyamba si mtengo ai. Funso loyamba ndi ili: kodi makinawa adzayaka ndi magetsi a panyumba panga?

M'dziko lathu magetsi a EDM amabwera m'njira ziwiri. Nyumba zambiri zimalandira magetsi a fazi imodzi, a mavoti 220. A EDM amati monofásico. Awa ndi amene amayatsa mababu, firiji ndi wailesi. Koma zigayo zamagetsi ndi mafakitale zimalandira magetsi a mafazi atatu, a mavoti 380. Awa amati trifásico. Makina ambiri ocokera m'fakitale amafuna mafazi atatu. Mukawalumikiza ku magetsi a fazi imodzi, mota singazungulire. Imangong'ung'udza, kutentha, kenako kupsa.

Mudzadziwa bwanji? Pa mota iliyonse pali kacitsulo kakang'ono kolembedwa manambala. Kapukuteni, muwerenge modekha. Mukaona 3~ ndiye kuti ndi ya mafazi atatu. Mukaona 1~ ndi ya fazi imodzi. Cilembo V cikunena mavoti. Zilembo kW, CV kapena HP zikunena mphamvu ya mota. CV imodzi ndi pafupifupi 0,74 kW. Conco mota ya 3 CV ndi ya 2,2 kW, ya 5,5 CV ndi ya 4 kW, ndipo ya 7,5 CV ndi ya 5,5 kW. Jambulani kacitsuloko pa foni, mukaonetse katswiri wa zamagetsi musanapange ciganizo ciliconse.

Onaninso zilembo Hz. Kuno magetsi athu ndi a 50 Hz, cimodzimodzi ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Ulaya. Koma ku Brazil ndi ku America ndi 60 Hz. Mota ya 60 Hz ikaikidwa kuno imazungulira pang'onopang'ono kuposa mmene anaipangira, ndipo ingatenthe. Conco mukapeza makina a Invicta, amene amacokera ku Brazil, musaiwale kuyang'ana nambala imeneyi.

Nanga ngati makina ndi a mafazi atatu, koma panyumba muli ndi fazi imodzi? Njira zilipo, koma iliyonse ili ndi mtengo wake.

Mungapemphe a EDM kuti akulumikizeni ku mafazi atatu. Izi zimatheka ngati mawaya a mafazi atatu akudutsa pafupi. Ngati ali kutali, mapolo ndi mawaya zingadye ndalama zoposa mtengo wa makinawo. Pitani ku ofesi yawo mukafunse, akuuzeni mtengo musanagule kanthu. Cigayo camagetsi cikakhala pafupi ndi inu, ndi cizindikiro cabwino.

Mungacotsenso mota ya mafazi atatu n'kuika ya fazi imodzi. Izi zimayenda bwino pa makina ang'onoang'ono, ofuna mphamvu yosapitirira 3 CV. Mota yatsopano iyenera kuzungulira pa liwiro lofanana ndi yakale. Nambala yake yalembedwa pa kacitsulo komweko, pambali pa zilembo rpm. Mota zambiri zimakhala za pafupifupi 1400 kapena 2800. Mukaika ya 2800 pamalo pa ya 1400, mipeni idzathamanga kawiri kuposa muyeso wake. Imeneyo ndi ngozi.

Njira ina ndi kabokosi kochedwa variador de frequência. Kamalandira fazi imodzi ya 220, n'kuturutsa mafazi atatu a 220. Kamagwira nchito ngati pa mota palembedwa 220/380, ndipo katswiri ayenera kusintha kalumikizidwe ka mawaya m'kabokosi ka mota. Pakalembedwa 380/660, mota imeneyo singapeze mphamvu yake yonse ndi kabokosi kameneka. Variador sakonda fumbi, ndiye asakhale pamene utuci ukugwera.

Ena amaganiza za jenereta. Kumbukirani kuti mota poyamba kuzungulira imakoka magetsi oculuka kasanu kapena kuposa. Jenereta yofanana mphamvu ndi mota siingaidzutse. Imafunika yokulirapo kawiri kapena katatu, ndipo mafuta ake mudzawamva m'thumba.

Werengeraninso za Credelec. Mota ya 4 kW ikagwira nchito yolemera kwa ola limodzi, imadya pafupifupi 4 kWh. Maola atatu pa tsiku ndi 12 kWh. Masiku 25 ndi 300 kWh. Nthawi zambiri imadya zoceperapo, cifukwa si mphindi iliyonse pamene thabwa lili pa mipeni. Komabe ikani ndalama imeneyi pa mtengo wa zitseko ndi mipando yanu.

Kumene makinawa amapezeka

Amapezeka kwa amisiri amene akusiya nchito, kwa ana amene bambo awo anamwalira n'kusiya ofisina, ndi ku makampani amene akutseka. M'mizinda ngati Tete, Chimoio, Beira, Nampula ndi Maputo ndi mmene mumakhala ambiri. Mungakumane ndi makina a Mida kapena Pinheiro ocokera ku Portugal, a SCM ocokera ku Italy, kapena a Wadkin ocokera ku England. Onsewa ndi maina odziwika pa nchitoyi. Koma dzina palokha silipala thabwa, muyenera kuwaona ndi maso.

Masiku ano ambiri amalengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp. Apa cenjerani. Munthu angaike cithunzi ca makina amene si ake, n'kunena kuti, “Tumizani theka pa M-Pesa kapena pa e-Mola, ena akuwafuna.” Musatumize. Ngati simungathe kupita nokha, tumani mbale wanu kapena mmisiri amene mumamukhulupirira, akawagwire ndi manja.

Makina ocokera kunja kwa dziko amadutsa pa Alfândega. Kaya alowera pa Zóbuè, pa Calómuè, pa Mandimba, pa Milange kapena pa Ressano Garcia, pamakhala mapepala ndi msonkho. IVA yokha ndi 16 pa 100 alionse. Funsani a Alfândega kapena despachante musanalipire wogulitsa. Makina ooneka ochipa ku Blantyre kapena ku Johannesburg angafike pakhomo panu atakwera mtengo kwambiri.

Tsiku lokaona makina

Musapite nokha ngati mungathe. Tengani munthu amene anagwirapo makina otere. Nyamulani toci, tepi yoyezera, sikweya, citsulo cowongoka bwino, ndi thabwa lanu. Thabwalo likhale lolimba, monga la chanfuta kapena la mlombwa, umene ena amati umbila. Paini ndi wofewa, sangakuuzeni zoona.

Yambani ndi kuceza. Funsani mwaulemu: “Bambo, makinawa mwakhala nawo nthawi yaitali bwanji? Mukuwagulitsiranji? Anayaka komaliza liti?” Ngati makina acokera kunyanja, funsaninso ngati anamirapo m'madzi. Namondwe wa Idai anagunda Beira mu 2019, ndipo Freddy anagunda Quelimane mu 2023. Madzi amatope akalowa mu mota ndi m'maberingi, vuto limabisala mkati. Ngakhale popanda cigumula, mphepo ya mcere ya kunyanja imabweretsa dzimbiri.

Tsopano onetsetsani kuti magetsi azimitsidwa ndipo waya wazulidwa. Musakhulupirire mawu, onani nokha. Kenako yambani kufufuza.

Thupi la makina ambiri akale ndi la citsulo cosungunula n'kuthira m'cikombole, conga ca mphika uja wa miyendo itatu. A Cipwitikizi amati ferro fundido. Citsulo cimeneci n'colemera, ndipo cimaletsa makina kunjenjemera. Ubwino wake ndi umenewo. Kuipa kwake, sicipindika, cimangosweka, ndipo kuciwocherera n'kovuta. Wowocherera mageti wa pamsika nthawi zambiri sangacithe. Ndiye walitsani toci pansi pa tebulo, m'makona ndi pamene pali mabawuti. Mukufuna ming'alu. Gogodani pang'ono ndi kanyundo. Citsulo cabwino cimalira ngati belu, cong'aluka cimalira mogontha. Penti watsopano asakukopeni. Nthawi zina amapaka kuti abise mng'alu. Makina akuda ndi girisi wakale amanena zoona kuposa opakidwa dzulo.

Ikani citsulo canu cowongoka pamwamba pa tebulo, muwalitse toci kumbuyo kwake. Kuwala kukadutsa kwambiri pansi, tebulo linadyeka kapena linapotoka. Pa garlopa ili ndi vuto lalikulu, cifukwa tebulo lokhota silingawongole thabwa. Dzimbiri la pamwamba lokha si kanthu, limacoka. Koma dzimbiri lokumba maenje akuya ndi lina.

Gwirani citsulo cimene pamakhala maceka kapena mipeni. Cigwedezeni m'mwamba ndi m'munsi. Cisagwedere. Cizungulitseni ndi dzanja, mosamala zala, mumvetsere. Cikamalira kokoto-kokoto, maberingi atha. Izi zisakuopseni kwambiri. Maberingi, amene m'masitolo amati rolamentos, ali ndi manambala ofanana pa dziko lonse, monga 6205 kapena 6206, ndipo amapezeka m'masitolo a zitsulo za galimoto. Malamba naonso amapezeka. Cimene cimavuta ndi giya yothoka mano, kapena ciwalo cimene cinasowa. Kampani imene inapanga makinawo mwina inatseka kalekale. Pamenepo mudzafunika munthu wa torno kuti akusulireni cina, ndipo si m'boma lililonse mmene amapezeka.

Zungulitsani zogwirira zonse. Tebulo likwere ndi kutsika bwinobwino. Cotsamira thabwa cimange molimba, ndipo ciime molunjika mukaciyeza ndi sikweya. Kanthu kena kakang'ono: makina akale a ku England amakhala ndi mabawuti oyezedwa m'mainci. Masipanala anu a mamilimita sangagwire bwino. Pemphani wogulitsa akupatseni masipanala ake, ngati alipo.

Yang'anitsitsani mutu umene umagwira mipeni ya garlopa. Ukhale wobulungira. Makina ena akale kwambiri ali ndi mutu wa makona anai. Umenewo umasiya mpata waukulu, ndipo ukagwira cala umakoka dzanja lonse. Makina otere asiyeni, ngakhale akhale ochipa bwanji. Onaninso ngati zochingira zilipo. Pa maceka ozungulira payenera kukhala kacitsulo kokhota kumbuyo kwa maceka. Kamaletsa thabwa kupana maceka ndi kubwerera kwa inu mwamphamvu. Amisiri ena amacotsa zimenezi, amvekere zimangocedwetsa nchito. Yang'anani manja a amisiri akale, muwerenge zala.

Mukamaliza, pemphani kuti awayatse. Imani pambali, osati kutsogolo kwa maceka. Mvetserani kulira kwake. Alire kwa mphindi khumi kapena kuposa, kenako awazimitse, mugwire mota ndi pamene pali maberingi. Kufunda n'kwabwinobwino. Kutentha koti dzanja silingakhalepo, kapena fungo la waya wopsa, ndi cizindikiro coipa. Kenako apale thabwa lanu lija. Liyezeni mbali zonse ziwiri, muone ngati lacindikala mofanana.

Wogulitsa akanena kuti, “Magetsi anadula, koma amagwira bwinobwino,” ndiye kuti mukugula cinthu cimene simunacione. Mtengo utsike kwambiri. Muwerengere ngati kuti mota ndi yakufa.

Mtengo ndi pepala

Mtengo umene wogulitsa wachula ndi ciyambi cabe. Lembani pa pepala zonse izi: makina, galimoto, anthu onyamula, katswiri wa zamagetsi, mawaya, simenti, maberingi, malamba, mipeni ndi maceka atsopano. Phatikizani. Imeneyo ndiyo ndalama yeniyeni. Ngati ikutha zonse zimene muli nazo, mudzagula ndi ciyani matabwa oyambira?

Mukagwirizana, lemberanani pepala. Palembedwe maina anu awiri, manambala a BI, dzina la makina, nambala yake, mtengo ndi tsiku. Palembedwenso zonse zimene zikupita pamodzi ndi makinawo. Musaine nonse, pamodzi ndi mboni. Liwerengeni nokha pang'onopang'ono musanasaine, musacite manyazi. Pepalali lidzakuthandizani apolisi akakuimitsani pa msewu. Lidzakutetezaninso ngati wina adzanena kuti makinawo anabedwa. Ngati mwini wake anamwalira, onetsetsani kuti mkazi wake ndi abale agwirizana, kuti mawa musaitanidwe ku mlandu wa cuma ca masiye.

Konzani malo makina asanabwere

Yezani makina, kenako yezani citseko ca ofisina yanu ndi njira yonse yocokera ku msewu. Pali amene anagumula khoma tsiku lomwelo cifukwa sanayeze. Yezaninso malo ogwirira nchito. Thabwa la mamita 3 limafuna mamita 3 kutsogolo kwa makina ndi mamita 3 kumbuyo. Ngati cipinda n'cacing'ono, lunjikitsani makina ku citseko kapena ku windo, thabwa liziturukira panja.

Pansi pakhale pa konkire, yocindikala masentimita 10 mpaka 15. Pa dothi makina amatitimira mbali imodzi, ndipo cinyezi cimawadya. Konkire imatenga masiku 28 kuti ilimbe mokwanira, conco ithireni msanga, muziithirira madzi. Denga lisadonthe. Lankhulaninso ndi anansi anu, ndi akuluakulu a bairro kapena a mfumu. Makina opalira amalira kwambiri. Kugwirizana za maola ogwirira nchito poyamba kumapewetsa mikangano.

Kunyamula

Apa ndi pamene anthu amavulala. Makina a m'fakitale amalemera makilo 300, 500, ena kuposa 1000. Thumba la simenti ndi makilo 50. Ndiye makina a makilo 500 ali ngati matumba 10 omangidwa pamodzi, opanda pogwira. Musaitane anyamata a pamsika kuti angowanyamula ndi manja. Mmodzi akaterereka, kulemera konse kumapita kwa amene watsala.

Coyamba, apepuzeni. Katswiri acotse mawaya a magetsi. Cotsani maceka ndi mipeni, muzikulunge m'makatoni. Cotsani cotsamira thabwa, zochingira ndi ciliconse cimene cingathoke. Mota ikatheka kucoka, icoke. Musanamasule kanthu, jambulani pa foni. Mabawuti a malo amodzi alowe m'kathumba kamodzi, mulembepo dzina. Mawaya amangeni timapepala ta manambala. Patapita sabata simudzakumbukira kuti ici cinali pati.

Makina olemera amakankhidwa pa mapaipi. Pezani mapaipi acitsulo okhuthala atatu kapena anai, ndi citsulo cacitali cotukulira. Tukulani mbali imodzi pang'ono, wina alowetse thabwa pansi. Alilowetse ndi ndodo, osati ndi zala. Tukulani mbali ina, citani cimodzimodzi. Mukatero mangirirani makina pa matabwa awiri okhuthala, akhale ngati cileyi. Mapaipi alowe pansi pa matabwawo. Kankhani pang'onopang'ono. Paipi ikaturukira kumbuyo, ipititseni kutsogolo. Pa dothi yalani matabwa kuti mapaipi asatitimire. Jeke ya galimoto, imene ena amati makako, imathandizanso kutukula. Koma nthawi zonse ikani mitengo pansi, kuti jeke ikaphonya makina agwere pa mtengo.

Musatukule garlopa pogwira matebulo ake. Amaoneka ngati zogwirira zabwino, eti? Koma mukatero angapotoke kapena kuthoka, ndipo makina onse atha nchito. Musakokenso pa zogwirira zozungulitsa. Zingwe zidutse pansi pa thupi lenileni la makina.

Serra de fita ndi yaitali, ndipo kulemera kwake kuli m'mwamba. Imagwa msanga. Cotsani tebulo lake. Ena amacotsanso wilo la pamwamba. Poikankha, kankhirani m'munsi, ndipo imangidwe zingwe m'mwamba, anthu atazigwira ali patali mbali zonse ziwiri.

Kukweza pa galimoto ndiko kovuta kwambiri. M'tauni mungabwereke foloko ya injini, imene amati empilhadeira, kapena lole yokhala ndi cokwezera cake. Ndalama imeneyo musaiumire, ndi yocepa poyerekeza ndi mwendo wa munthu. Kumudzi njira yabwino ndi kutsitsa galimoto m'malo mokweza makina. Kumbani dzenje lotsetsereka, lole ilowemo cobwerera, mpaka kumbuyo kwake kufanane ndi nthaka. Kapena pezani malo okwera, ngati mtumbira wa m'mbali mwa msewu. Mukatero makina amangoyenda pa mapaipi mpaka m'galimoto. Kukumba kungatenge theka la tsiku, koma palibe amene anyamule kanthu.

Mungagwiritsenso nchito cokwezera ca unyolo, cija amakanika amaturutsira injini m'galimoto. Pa ico palembedwa kulemera kumene cingathe, monga tani imodzi kapena matani awiri. Tani imodzi ndi makilo 1000. Cikolekeni pa miyendo itatu yacitsulo kapena pa mtanda wolimba ndithu. Mtanda wa denga la nyumba sunapangidwire zimenezo. Nthambi ya mango nayonso musaidalire. Makina akakwera m'mwamba, galimoto ndiyo ibwere pansi pake.

Ngati palibe njira ina koma matabwa otsetsereka, akhale aatali ndi okhuthala, ocirikizidwa pakati, omangidwa ku galimoto. Makina akokedwe kucokera pamwamba ndi unyolo. Wina aziika mphero ya mtengo kumbuyo nthawi iliyonse makina akasuntha, ataima pambali. Munthu asaime kumunsi kwa makina, ngakhale kwa kamphindi.

Pa nchito yonseyi wolamula akhale mmodzi. Iye akati “Imani!” onse aime. Aliyense avale nsapato zolimba, osati mapatapata. Mowa ubwere nchito itatha. Ana ndi oonerera akhale kutali. Ndipo uzani onse musanayambe kuti makina akayamba kugwa, asawagwire. Athawe basi.

Pa msewu

Funsani dalaivala kuti galimoto yake imanyamula makilo angati. Pikapu zambiri sizipitirira tani imodzi, ndipo makina aatali amazipendamitsa pokhota. Lole yaing'ono ngati Canter kapena Dyna ndi yabwinopo. Makina akhale pafupi ndi kumene kumakhala dalaivala, pakati, osati m'mbali. Citsulo pamwamba pa citsulo cimaterereka, ndiye pansi pakhale matabwa kapena matayala akale. Mangani ndi malamba a lole kapena unyolo mbali zinai zonse. Zingwe za mphira zomangira katundu pa njinga sizingagwire makilo 500. Musaganize kuti kulemera kwake kudzawagwira. Dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi, makina osamangidwa amapitabe kutsogolo.

Pakani girisi kapena oilo pa matebulo, mufunde lona. Mukayenda makilomita ocepa, imani muone malamba, cifukwa amakhwepa. Citani cimodzimodzi mukadutsa pa maenje ambiri. Kucokera ku Beira kufika ku Tete ndi pafupifupi makilomita 600, ndipo wopita ku Angónia adakali ndi mapiri oti akwere. Ku Tete malole akuluakulu amaoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014. Munthu asakwere kumbuyo pamodzi ndi makina. Ngati kwanu msewu ndi wa fumbi, samutsani makina m'cilimwe. M'dzinja lole yolemera imatitimira, ndipo dzenje lanu lotsitsira lidzadzaza madzi.

Kuika ndi kuyatsa koyamba

Potsitsa citani zomwe zija, mobwerera. Anthu amakhala atatopa ndipo amafuna kumaliza msanga. Ngati kwada, makina agone pa galimoto mpaka m'mawa.

Akafika pamalo pake, ayezeni ndi levulo. Mwendo umene ukulendewera uikireni tizitsulo topyapyala pansi, mpaka makina asiye kugwedera. Makina aatali amangireni ku konkire ndi mabawuti. Tsukani dzimbiri ndi parafini ndi sandipepa wosalala. Kenako pukutani mafuta onse pa tebulo, mupakepo phula la kandulo kapena polishi wa pansi. Oilo amadetsa matabwa, ndipo vanishi sagwira pamene pali oilo.

Magetsi alumikize ndi katswiri. Makina akhale ndi waya wawowawo wocokera pa bokosi la magetsi, wokhuthala mokwanira, ndi cozimitsira cawocawo. Waya woonda uja wolumikizira wailesi umatentha, ndipo m'cipinda ca utuci moto sucedwa. Waya wa pansi, umene amati terra, usasowe. Ndi umene umakupulumutsani magetsi akathawira m'thupi la makina.

Pemphaninso katswiriyo kuti aone coyatsira. Kuno magetsi amazima kawirikawiri. Coyatsira cabwino cili ndi batani lobiriwira ndi lofiira, ndipo magetsi akazima cimadzizimitsa cokha. Akabwera, makina sayaka mpaka mutadinanso batani lobiriwira. Coyatsira wamba cimakhalabe coyatsa. Magetsi akabwera, makina amadzuka okha, mwina dzanja lanu lili pa maceka, mwina mwana ali pafupi. Ngati makina anu alibe coyatsira cabwinoco, gulani. Bokosi la magetsi likhale ndi loko, kiyi azikhala m'thumba mwanu.

Kuyatsa koyamba kucitike maceka ndi mipeni zisanaikidwe. Pa garlopa cotsaninso tizitsulo topanira mipeni, kuti tisauluke. Yatsani kamphindi, muzimitse, muone kumene citsulo cikuzungulirira. Pa garlopa ndi pa serra circular, pamwamba pake payenera kubwera kwa inu, kumene mumaima polowetsa thabwa. Mota ya mafazi atatu ikazungulira cobwerera, katswiri asinthanitse mawaya awiri mwa atatu aja, ndipo izungulira bwino. Mukatero zimitsani pa bokosi, muike mipeni yonola, yoturukira mofanana, mumange mabawuti onse, mubwereze kuwaona. Bwezerani zochingira. Valani zotseka m'makutu, magalasi ndi cophimba pamphuno, pindani manja a malaya. Thabwa loyamba likhale lalitali, lopanda misomali ndi mfundo, ndipo mupale pang'ono cabe, milimita imodzi. Zala zikhale kutali ndi mipeni, kumapeto kwa thabwa mukankhe ndi kamtengo. Likaturuka, liyezeni ndi sikweya ndi tepi musanalowetse laciwiri.